Pepala la Mayi a Viola

Lolemba, 4 Novembala

Dziko lidziwe: ine Stanford wa ku Kadewere, nduna ya zamadenga, yosasankhidwa ndi munthu, lero ndaopsezedwa ndi mwana wobala ndekha. Viola pa foni: "Bambo, nyumbayo ikangodontha, ndikudzakutengani. Mudzakhala kuno ku Limbe." Ku Limbe! Kokhala pampando ngati wailesi yakufa. Nyumba yomwe tinamanga ndi malemu Nester ndiisiyire makoswe?

Lachinayi, 7 Novembala

Ndakwera padenga. Mawondo kulira ngati chitseko cha tchalitchi. Udzu wapyapyala, wina wathera mphepo. Pansi pake pepala lakuda lija lomwe Nester anabwera nalo kuchokera ku Boma atasenza pamutu. Kuligwira, phwanyu, ngati fodya wouma. Si makoswe ayi, ndawanamizira zaka zambiri. Ndi dzuwa. Udzu ukachepa, dzuwa limaliwotcha masana, usiku lizizire, mawa liwotchenso. Ngakhale ine dazi linayamba choncho.

Koma lagwira ntchito, pepala ili. Mvula zonse zija, osadandaula. Likanakhala munthu likanadzozedwa udikoni.

Lachisanu, 8 Novembala

Chodabwitsa. Mbali ya kum'mawa udzu ndi wochindikala, pepala pansi pake lofewa ngati lagulidwa dzulo. Ndakumbukira. Chaka chilichonse pofolera, Nester ali pansi, mtolo m'manja: "Abambo a Viola, onjezani pamenepo." Ine kunyinyirika, ndi nthabwala zoti akufuna kuweta njoka.

Ndatsika, ndalowa kuchipinda, ndayang'ana m'mwamba. Pamenepo ndi pomwe ndimagona ine. Mbali yake ndi yomwe yang'ambika. Ankamweta udzu mpaka manja kusweka, wochuluka nkuuika pamutu pa chitsiru.

Fumbi la padenga landilowa m'maso. Misozi mbwee.

Loweruka, 16 Novembala

Pepala latsopano mbali ya Nester. Lakale la mbali yanga sindinalichotse. A Levi oyandikana nafe akuti ndapenga, udzu wonsewu pa denga limodzi. Ndafolera mochindikala konsekonse, monga ankanenera mwini wake. Mochedwa, koma ndamva.

Lachiwiri, 26 Novembala

Viola wabwera ndi chikwama chopanda kanthu, cholongedzamo ine. Mvula yamkuntho masana onse. Iye kuzungulira nyumba yonse ndi beseni, maso kudenga. Beseni louma! Wabwerera ku Limbe ndi nkhuku m'chikwamamo.

Nduna ikhala pampando wake.

Chimodzi chokha ndikonze. Za fumbi zija ndinapeka. Ndinali nditatsika kale, ndipo kuchipinda kwa Nester sikunakhalepo fumbi.