Madzi a Mlendo

Lolemba, 7 Okutobala

Ng'ona yagwira mai Ireen padooko m'mawa uno. Apulumuka, koma mwendo akuti sukhalapo. Thandizo wanga anali pambuyo pawo penipeni ndi ndowa yake. Wabwera chimanjamanja, ndowa wataya komweko. Ine mtima sunakhale pansi mpaka pano.

Mjigo tili nawo pakati pa mudzi, koma madzi ake ndi mchere wokhawokha. Sopo sachita thovu, nyemba sizipsa, mbuzi zimangonunkhiza n'kubwerera. Ndiye tonse ku Shire.

Lachitatu, 9 Okutobala

Kalata yachitatu kwa aphungu athu, a Kalisto. Ndalemba ndine, mlembi wa komiti ya madzi, dzina lalikulu ntchito yake kunyambita maenvulopu. Tikupempha mipopi. Bambo a Thandizo, a Lazaro, andiseka: "Emmie, makalata akowo akuyatsira mbaula ku Lilongwe." Ndawayankha kuti iwo alembe yawo tione. Angotembenukira ku wailesi.

Loweruka, 12 Okutobala

Tapita ku ofesi ya aphungu paboma, anthu anayi. Loko pachitseko. Mlonda akuti bwana ali ku misonkhano. Tabwerako ndi fumbi m'mano basi.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Ndakaona mai Ireen kuchipatala. Mwendo adula. Iwo kundifunsa kuti ana awo akutunga kuti madzi. Ndanama kuti tikuwatungira. Pobwera ndawatungiradi, bodza lisandikhale pakhosi.

Madzulo abwera mai Esinala, wapampando wathu, aja ogulitsa mlamba wowamba pa Chiromo. Akuti Loweruka aphungu akubwera pasukulu kudzapereka chikho cha mpira. Pa ndondomeko ife palibepo. Ati, "Musavutike ndi pepala. Mlendo akafika timayamba ndi chiyani kwathu kuno?" Ndati madzi akumwa. Ati, "Basi. A pamjigo."

Ndaseka mpaka misozi, kenaka mantha. Wokapereka akuti ndine.

Lachisanu, 18 Okutobala

A Lazaro akuti ndikamangidwa iwo sadzandiona. Koma kapu yagalasi ija ya alendo anditsukira okha ndi phulusa.

Loweruka, 19 Okutobala

Dzuwa la lero lochita kuwotcha mapazi m'nsapato. Aphungu afika mochedwa, thukuta kamukamu, malaya atamatirira kumsana. Ndinkayembekezera chimunthu chonenepa, koma ndi bambo wowonda, wa imvi, wooneka wotopa. Atangokhala ndapita, ndagwada, kapu m'manja awiri. Wowaperekeza wina amati andibweze, akuloza madzi a m'mabotolo. Mai Esinala ali chiimire ati, "Mlendo sakana madzi a pamudzi."

Alandira. Kumwa kamodzi, nkhope yonse kukwinyika. Ine maso pansi.

Sanalavule. Andiyang'ana, ayang'ana anthu, n'kumwa yonse mpaka pansi. Pamenepo chisoni chandigwira, sindibisa. Afunsa motsitsa mawu, "Mai, mumamwa amenewa?" Ndati ayi bwana, amenewa atikanika, timamwa a ku Shire, komwe kwatsala mwendo wa mai Ireen. Mawu ena onse amene ndinakonza athawa.

Ati makalata athu anawaona, onse atatu. Akuti midzi yolira madzi m'dera lawo ndi yambiri, ndipo mipopi yochokera kutali si ya thumba la phungu, iwo nawonso amakapempha kwa nduna ngati ife. "Ine ndikalankhula amati ndale. Ndipatseni madziwa ndipite nawo." Ndathamanga kunyumba, ndatsuka botolo la mafuta ophikira, ndathiramo a pamjigo, chitsekerero chinasowa kale ndiye ndamanga ndi kansalu kofiira. Polandira athokoza m'chilankhulo cha kuno, ati, "Takhuta."

Lamulungu, 20 Okutobala

Kutchalitchi ena akuti ndachititsa manyazi mudzi. Ena kundigwira chanza. Mutu ukuwawa.

Lachinayi, 28 Novembala

Sindinalembe nthawi yaitali, panalibe cholemba. Lero pa wailesi ya Nyumba ya Malamulo tawamva aphungu athu. Atchula mudzi wathu, atchula mai Ireen ndi dzina, n'kupempha anduna alawe madzi a m'botolo. Nyumba yonse kuseka. Anduna ati nkhaniyo aimva ndipo aiona. Zonse sizinakwane mphindi zitatu.

A Lazaro: "Wamva? Aiona." Ine ndinalira kuseri kwa khitchini, sindikudziwa ngati ndi chimwemwe kapena mkwiyo. Mai Ireen akuti dzina lawo lafika ku Lilongwe iwo asanafikeko.

Lachiwiri, 10 Disembala

M'mawa ku Shire monga mwa masiku onse. Thandizo ndimamuimika kumtunda, ndimatunga ndekha, maso pamadzi. Pobwera tapeza galimoto yoyera pamjigo. Mai wina wa chipewa, akuti ndi wa zoyeza madzi, akufunsa kuti Emmie ndi uti. M'manja mwake botolo langa lija, kansalu kofiira kali pomwepo.

Ati sakulonjeza kanthu, abwera kudzayeza ndi kuona mtunda wa mapaipi. Ndisanatule n'komwe ndowa, a Lazaro ali kale patsogolo kuwalondolera njira, akuti, "Ifetu tinalemba makalata atatu."

Ndawasiya. Botolo ndapempha andibwezere. Mawa ku Shire tipitabe, Thandizo kumtunda.