Waya Wofiira ndi Wobiriwira

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi kamwana. Kuno amayi ali bwino, miyendo yokha ndiyo ikuwavutabe. Ine thupi lili bwino, koma mtima ukuwira, ndipo wauwiritsa ndiwe.

Makina oyezera kunjenjemera kwa mapampu aja unalumikiza usanachoke pakampani pano andichititsa manyazi. Tikawayatsa m'mawa amawerenga bwinobwino. Akangotentha pang'ono, manambala amayamba kudumpha ngati aledzera, pampu yatsopano n'kumati yatha. Eni fakitale anawabweza, ndipo abwana anandiuza pamaso pa anzanga kuti Lolemba likubwerali aona ngati ndikuyenerabe kukhala pantchito.

Ukudziwa chimene akulozera ine? Atakuimbira foni, akuti unawayankha kuti mawaya ako onse ali m'malo mwake, vuto liyenera kukhala mu pulogalamu imene ndinalemba ine. Unatero eti? Ine mkulu wako, amene ndinakupezera ntchito pano!

Ine kupusa, ndinakukhulupirira. Ndinafufuza pulogalamu yanga mzere ndi mzere mpaka maso kuwawa. Ndinasintha kabolodi kosandutsa kunjenjemera kukhala manambala, poganiza kuti kapsa. Ndinasinthanso bolodi lalikulu lolandira manambalawo, lija timalilembera pulogalamu. Ndinafika poimika fani pambali pake, anzanga n'kumaseka kuti ndatsegula saluni. Zonsezo osathandiza.

Dzulo ndinatopa nako kudzikayikira, ndinagwira chingwe cha wotchi ya m'makinamo. Sindikukuphunzitsa, ndikungokukumbutsa poti umaiwala msanga. Kugunda kwa wotchiyo, kumene kumauza bolodi lalikulu nthawi yowerenga, kumayenda pa mawaya awiri opotana. Nditayang'ana pa makina oonera mafunde a magetsi, ndinapeza kugundako kuli chadodolido. Bolodi likuwerenga manambala ali mkati mosintha, m'malo modikira kuti akhazikike. Kukazizira limapulumuka mwamwayi, kukatentha limatola zinyalala.

Ndinachitsatira chingwecho mpaka pa pulagi. Pamalo pa waya wofiira unalowetsapo wobiriwira, pamalo pa wobiriwira unalowetsapo wofiira. Ndinangokhala pansi.

Wina aliyense akanati kunali kuthamanga chabe. Koma ine ndikukudziwa, iwe. Ankakusankhira masokosi a kusukulu ndani? Amayi akakutuma tomato, ankakuperekeza ndani kuti usabwere ndi wosapsa? Pano pantchito chingwe chilichonse unkayamba wandionetsa pansi pa tebulo, ine n'kugwedeza mutu kuti wakhoza, palibe amene anadziwapo kuti maso ako sasiyanitsa mitundu iwiriyi. Chingwe ichi chokha sunandionetse, chifukwa sabata imeneyo unali utanditupira, ati ndikukuchitira nsanje pokuletsa kuchoka.

Mawayawo sakundipweteka ayi. Ndawabweza m'malo mwake, makina atentha tsiku lonse osaphonya. Chikundiwawa n'chakuti abwana atakuimbira, mumtima unadziwa. Munthu wa maso ngati akowo akamva kuti makina ake avuta, choyamba amakumbukira chingwe chimene sanafunse. Iwe unachikumbukira, koma unasankha kundiponya ine.

Lero abwana afunsa kuti ndafika pati. Ndawanamiza kuti ndikuyesabe. Ndikangonena zoona, afunsa kuti katswiri ngati iwe angasinthanitse bwanji mitundu yoonekeratu chonchi, ndipo ukudziwa kuti iwo ndi abwana ako atsopano amamwera limodzi tiyi. Kumeneko amafuna munthu woona mitundu yonse, ndipo iwe unawauza kuti umaiona. Taona, iwe wandimiza, ine ndikadali pano kukubisa.

Nditawafotokozera amayi anati ndikukhululukire, ndiwe wamng'ono. Ndinawafunsa ngati ana anga adzadya ung'ono wakowo ndikachotsedwa ntchito. Anangotembenukira kukhoma. Wawaliritsanso iwo.

Tsono tamvera. Uwaimbire abwana Lolemba lisanafike. Sindikuti uulule za maso ako, zimenezo ndi zako ndipo ndazisunga kuyambira uli mwana. Ungowauza kuti unasinthanitsa mawaya a wotchi chifukwa chothamangira ulendo, pulogalamu ya mlongo wako ilibe vuto. Adzalalata pang'ono, n'kuiwala. Ndikukupempha, usandifikitse poipa.

Ukapanda kuimba, Lolemba ndikalowa mu ofesi ndi chingwe chomwecho. Ndikakuimbira pa vidiyo abwana ali pompo, ndikakweza mawaya awiriwo m'mwamba, ndipo ndikakupempha mwaulemu kuti utilozere wofiira. Ulendo uno sindikagwedeza mutu.

Undiperekere moni kwa alamu, iwo sanandilakwire. Kamwanako ukapsompsone, ndipo kakayamba kuyankhula ukakayezetse maso msanga, kasadzakule kakubisala ngati bambo ake. Mulungu akusungeni nonse, ndipo iwe akupatse manyazi.

Ndine mlongo wako,
amene ankakusankhira masokosi.