Kolala Yakukulirani, Alamu

Chilomoni, Blantyre
14 Ogasiti 1996

Okondedwa alamu a Willard,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tonse tili bwino, kupatula amene munamusiya.

Mpingo wathu unagwirizana ndi madokotala achizungu ongodzipereka, ndiye Loweruka timapita nawo m'midzi, ine n'kumawamasulira. Sabata yatha tinafika kwanu ku Phalombe. Pamzere wa odwala panali mayi wowonda, chitenje atachizunguliza kawiri m'chiuno. Ndinamudutsa, alamu. Mkazi wanu Brenda, mng'ono wanga wa bere limodzi, ndinamudutsa osamuzindikira.

Amayi anu akuti walodzedwa. Dokotala anamuyang'ana m'kamwa, kumumvetsera pachifuwa, kenako anafunsa kuti, "Mwamuna wake ali kuti?" Funso limenelo sindinalimasulire. Nkhope ya dokotalayo inamasulira yokha.

Chithunzi chimene munatumiza Brenda anandionetsa. Suti ndi yokongola zedi, koma kolala yakukulirani. Kapena ku Joniko chakudya chavuta?

Musavutike ndi kubwera msanga. Brenda akuti akakusungirani malo pafupi naye. Sindinamufunse kuti malo ake ndi kuti.

Ndine mlamu wanu,
Cecilia