Ndinatsekera Wamakeke pa Mapu

Lolemba, 9 Juni

Lero anthu anayi aima pa benchi langa kudzafunsa makeke. Wina mpaka kundilozetsa foni kumaso: "Madala, mapu akuti ndi pano." Ndinati mapuwo akuuzeninso ngati nsapato zimadyedwa.

Vuto ndi khomo, ndi limodzi. Ine ndili kutsogolo, zaka makumi atatu ndi chimodzi ndikusoka nsapato pansi pa chikwangwani changa. Wamakeke anabwera chaka chatha, anatenga chipinda cha kumbuyo, kudutsa kakhonde. Pa mapu a pa foni tonse tili pa kadontho kamodzi, koma dzina lake ndi lomwe limatulukira pamwamba, ndi zithunzi zake zamaluwamaluwa. Langa labisala kunsi ngati msomali wa m'chidendene. Ndinakhala mlonda wake liti ine?

Anapemphapo kupachika chikwangwani chake pambali pa changa. Ndinakana. Changacho analemba ndi malemu mayi a kunyumba, ndi utoto wotsala, masiku omwe ankandiphunzitsa zilembo ndi choko kunsi kwa nsapato za anthu. Kusukulu sindinapondeko, koma dzina langa lili pamwamba pa khomo.

Lachiwiri, 10 Juni

Mkamwini anadutsa kudzatenga lamba wake. Ndi amene anandiika pa mapu, zobayabaya izi amazidziwa. Ndinamuuza kuti mayi wa kumbuyo uja anasamuka, dzina lake likungosocheretsa anthu. Nthawi yomweyo fungo la uvuni linali litadzaza kakhonde, koma mkamwini ali ndi chimfine.

"Mwatsimikiza, bambo?"

Ndinati kodi chikupatsireni mwana wanga ndinakunamizanipo? Anabaya katatu, akuti watumiza.

Sindinaganize kuti a mapu angamve. Amamvera wosoka nsapato ndani?

Lachinayi, 12 Juni

Palibe wofunsa makeke. Ndasoka tsiku lonse popanda wondidula. Mtenderewo ukundiluma ngati nsapato yatsopano.

Lachisanu, 13 Juni

Wamakeke anandibweretsera zodula m'mbali mwa keke, zokulunga m'pepala, monga amachitira Lachisanu lililonse. Anakhala pa kampando koyesera nsapato, ufa uli m'zikope.

"Madala, sabata ino foni yanga yagona tulo. Kapena anthu asiya kukwatirana?"

Ndinati mwina ayamba kuchenjera. Anaseka mpaka kugwira bondo. Ine keke ndinaiika pambali, ndinanamizira fungo la guluu.

Loweruka, 14 Juni

Zadziwika.

Mayi wina anaitanitsa keke ya ukwati wa mwana wake sabata ziwiri zapitazo. Dzulo anafuna kutuma dalaivala, anayang'ana pa mapu, napeza kuti malowa anatsekedwa. Anathamangira kwina. Lero m'mawa waimba foni, mawu ake ndimawamva ndili kuno ku benchi: okuba inu, mumalonjeza anthu mukudziwa kuti mukuthawa.

Kekeyo inali itapsa kale. Nsanjika zitatu, yoyera, ili pa tebulo ngati mkwatibwi wothawidwa.

Wamakeke anabwera ndi foni. "Madala, taonani." Zilembo zofiira pansi pa dzina lake. Ndinati Chingerezi sindichidziwa. Chimenecho chokha ndi choona chomwe ndanena sabata ino. Ananditanthauzira: yatsekedwa mpaka kalekale.

Iye akuti wachita izi ndi mlamu wake, amenenso amaphika makeke kutsidya kwa msewu waukulu. Anangogwirizana kumene mwezi watha pambuyo pa zaka ziwiri osalankhulana. Anamuimbira pomwepo m'kakhonde. Zomwe anamunenazo sindilemba. Ine ndinkakhoma soli imodzimodziyo kuti ndisamve, mpaka misomali inatulukira mkati.

Lamulungu, 15 Juni

Kutchalitchi ndinangotenthetsa benchi.

Masana ndinaitanira mkamwini kuseri kwa nyumba. Ndinati bayaninso katatu kaja, mubweze. Akuti sizibwerera choncho. Mwini wake ndiye ayenera kutsimikiza kuti alipo, ndipo a mapu amafuna kanema: msewu, nambala ya khomo, chikwangwani cholembedwa dzina lake, iye akutsegula ndi kiyi. Kenaka anaima, n'kundiyang'ana.

"Ndiye kuti sanasamuke?"

Ndinati mphuno zanu zikadagwira ntchito sibwenzi tili pano. Sanaseke.

"Bambo, mwandisandutsa nyundo yanu."

Ndinamupempha asauze mkazi wake. Ine kupempha mkamwini. Anangoti amva, osatsanzika bwino.

Lolemba, 16 Juni

Wamakeke wayesa kujambula kanema yemwe a mapu amafuna. Analemba dzina lake pa katoni, n'kumata pa chitseko chake cha kumbuyo. Anayambira kujambula kumsewu, akulankhula yekha mwaulemu ngati akupereka moni kwa apongozi. Pofika pa khomo foni inaona chiyani? Dzina langa, ndi nsapato yomwe malemu anajambula, yooneka ngati nsomba.

Sanandipemphe kanthu. Akadapempha bwenzi ndili ndi chokana.

Lachiwiri, 17 Juni

A mapu amukana. Akuti chikwangwani cha pakhomo sichikugwirizana ndi dzina.

Ndinamumva akuuza mwini nyumba kuti zikapanda kusintha mwezi ukamatha abweza kiyi, akaphikira kwa mayi ake. Chipinda chake chilibe zenera la kumsewu, anthu onse ankamupeza ndi foni. Masana ndinamva mathireyi akugundana, akuyamba kumanga katundu.

Keke ya ukwati ija anaidula, wagawira a m'njira. Chidutswa changa chili pa shelefu pafupi ndi polishi. Nyerere zachipeza.

Lachitatu, 18 Juni

Ndamata soli ya kumanzere pa nsapato ya kumanja. Chiyambire sizinandichitikirepo.

Lachinayi, 19 Juni

Ndinalawira ndi makwerero obwereka kwa wowotcherera zitsulo. Akuti madala mukagwa ine sindinakuoneni. Ndinati ndinayamba kukwera makwerero inu mukukwawa.

Misomali inayi, yonse yadzimbiri. Nditachotsa chikwangwani, kuseri kwake khoma linali lobiriwira, utoto wa chaka chomwe tinabwera. Ndinakhala kaye pamwambapo. Ndinawauza malemu kuti sindikuchitaya, ndikungochisendeza.

Wamakeke anafika ndikukhoma kumanzere. Anaima ndi chikwama m'manja.

"Madala, mukutani?"

Ndinati katengeni chikwangwani chanu chija, ndisanasinthe maganizo. Chinali kuseri kwa matumba a ufa chaka chonse, chikadali m'pepala lake. Anandipatsira, n'kugwira makwerero ndi manja awiri. Ndikuyeza poboola, iye akulankhula pansipo: mlamu wakana, walumbira pa ana ake, walira, tsopano sakuyankhanso foni.

Ndinali ndi misomali iwiri pakamwa. Ndinailavulira m'dzanja.

"Mlamu wanu musiyeni, mayi. Ndine. Ndinanamiza mkamwini wanga kuti munasamuka."

Ndinalankhula ndikuyang'ana khoma. Makwerero anagwedera, ndinadziwa kuti wachotsa manja. Galimoto inadutsa, kenaka njinga. Ndinaganiza kuti ndikagwa, ndagwa bwino.

Kenaka makwerero analimbanso.

"Kwezani mbali ya kumanja. Chapendekeka."

Ndinakweza. Nditatsika anajambulanso kanema wake kuchokera kumsewu. Pofika pa khomo anati, "Patukani," osati madala, osati chiyani. Ndinapatuka.

Ndinati ndipita ndekha kwa mlamu wanu ndikanene. Anati mudikire ndiyambe ndapita ine, pakamwa panatukwana ndi panga.

Lachisanu, 20 Juni

A mapu sanayankhe. Mathireyi akadali omanga, koma uvuni wayaka.

Kapepala ka zodula m'mbali sikanabwere. Wadutsa kawiri pa benchi langa osatembenuka.

Cha m'ma teni kunabwera bambo wina wa tayi, wopanda foni m'manja, maso ali pamwamba pa khomo.

"Madala, makeke ndi pano?"

Ndinaika nsapato pansi, ndinapukuta manja. Ndinamutsogolera m'kakhonde mpaka pa chitseko, ndinagogoda ndine.