Yunifolomu ya Bambo

Lamlungu, 9 Novembala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu anga ndi ana muli bwino kumeneko. Ife kuno tilipo, kungoti sabata ino yatiyenda pamsana. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumakonda kundidula pakamwa, ndipo nkhani iyi ndikufuna muimve yonse musanayambe kuweruza.

Bambo anagwidwa ndi apolisi Lachiwiri lapitali. Mtima m'malo, ali pakhomo, panopa akuwodzera pampando wawo uja wa pakhonde.

Mukuikumbukira yunifolomu yaupolisi imene sanabweze atapuma ntchito? Chimwalirireni mayi, ndine ndakhala ndikuisita Loweruka lililonse, mizere iwiri kutsogolo kwa shati, itatu kumsana, monga momwe iwo amafunira. Ndinkati palibe vuto, chovala chongokhala m'kabati chingalakwire ndani? Ndiye m'mawa wa Lachiwirilo maloboti a pamphambano yaikulu ija anafa, magalimoto n'kupanikizana ngati mbuzi pakhomo la khola. Bambo atamva kulira kwa mahutala, analowa m'nyumba n'kuvala zonse, chipewa, magolovesi oyera, wenzulo pakhosi, ulendo wa kumsewu.

Ine n'kuti nditanyamuka kale. Ndinali m'minibasi yomwe inatsekeredwa pomwepo, pamodzi ndi mnzanga wa ku saluni, uja timamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake sipazima. Tinangoona magalimoto ayamba kusuntha. Wailesi anasuzumira pawindo n'kuphulika nako kuseka.

"Taonani agogo awo. Yunifolomu imeneyo anasiya kuvala ine ndisanabadwe. Koma mutu ukuyenda bwino amenewa?"

Ndinayang'ana. Achimwene, anali bambo athu, ataima njo pakati pa msewu. Thalauza linkawakhwepa chifukwa aonda, koma dzanja linali m'mwamba ngati kale, ndipo madalaivala onse ankawamvera.

Kondakitala anatembenukira kwa ine. "Madala awa amakhala cha kwanu kuja, eti asisi? Simukuwadziwa?"

"Ayi, sindikuwadziwa," ndinatero, n'kuwerama ngati ndikufufuza kanthu m'chikwama.

Ndalemba mawu amenewo monga momwe ndinawanenera, kuti ndisadzinamize. Mzere wathu ndi umene unayamba kudutsa, ndipo ndinafika ku ntchito nthawi yabwino.

Masana aneba anandiimbira kuti bambo atengedwa. Ndinawapeza kupolisi atakhala pabenchi, chipewa chili pamaondo. Mkulu wa pamenepo ndi mayi wocheperapo kwa ine, ndipo anandiyankhula mwaulemu umene unandiwawa kuposa kukalipa.

"Achemwali, bambowa timawalemekeza, ena mwa ife anatiphunzitsa ntchito ndi iwowa. Koma kuvala chovala ichi n'kumaimitsa magalimoto ndi za wapolisi amene ali pa ntchito basi. Wina aliyense akatero ndi mlandu, ndipo umatha kukafikitsa munthu kundende. Tikawalekerera iwowa, mawa wakuba avala chimodzimodzi n'kukuimitsani inuyo."

Anati sakufuna kuwavula pamaso pa anthu ngati chigawenga. Apite nayo kunyumba, koma aibweretse okha pofika Lachisanu, apo ayi nkhani ipita kukhoti.

Mukuwadziwa bambo anu. Titafika kunyumba anaipachika m'kabati n'kutseka.

"Imeneyi mudzandiika nayo m'manda," anatero.

Ndinawanyengerera Lachitatu lonse, osatheka. Lachinayi ndinapsa mtima. Ndinawafunsa ngati akufuna kukafera kundende chifukwa cha nsalu, kenaka pakamwa panga panatuluka zoipa.

"Mutichititsa manyazi mpaka liti, bambo?"

Anakankha mbale yawo pang'onopang'ono n'kukalowa kuchipinda. Ine ndinatsala ndikudziuza kuti ndanena zoona.

Lachisanu m'mawa ndikusesa, anatuluka atakoleka yunifolomu ija pamkono.

"Mwanawe, yatsa simbi. Sindingakabweze chinthu cha boma chili makwinyamakwinya."

Anakhala pambali panga n'kumayang'anira ngati ndine wophunzira. Nditafika kumsana kwa shati anandikumbutsa za mizere itatu, ngati ndingaiwale. Kenaka anafunsa, maso ali pa simbi.

"Tsiku lija unafika nthawi yabwino ku ntchito?"

"Ndinafika, bambo."

"Chabwino. Ndinakuona pawindo. Mzere wanu sunali woyenera kuyamba, koma ndinati mwana wanga angachedwe, abwana ake angamukalipire."

Achimwene, za kuwerama kwanga sanatchule. Mpaka lero sanatchule. Ndinapitiriza kusita misozi ikudonthera pa shati, iwo n'kungoti ndisamale, madzi ochuluka amasiya mawanga. Amati manyazi anapha lambe, ine anatsala pang'ono kundipha.

Tinapita limodzi kupolisi. Anainyamula ndi manja awiri njira yonse, osalola kuti ndiwalandire. Mkulu uja anaimirira poilandira, ndipo anatiuza kuti nkhani yathera pomwepo. Wenzulo bambo anaipereka pomalizira, atayamba waipukuta ndi mpango.

Tsono ndili ndi zopempha. Muwaimbire foni, koma musawafunse za mlanduwu, muwafunse za mpira kapena za mwendo wawo uja. Komanso mukapeza mpata muwatumizire shati yolimba, ya nsalu yogwira mzere. Dzulo linali Loweruka, anatsegula kabati n'kuima pamenepo nthawi yaitali, ine ndili ndi simbi m'manja wopanda choti ndisite.

Wailesi ndamuuza kale kuti agogo aja ndi bambo anga ondibereka, ndipo koyamba chidziwireni iye anasowa chonena. Kondakitala uja sindinakumane nayenso, koma ndikumufunafuna. Kwa bambo eni ake ndiye pakamwa pakundilemera. Ndikati ndiyambe, iwo amayambitsa nkhani ina.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Aneba akuti moni. Bambo adzuka tsopano, ndawauza kuti ndikulembera inu. Akuti muzivala zofunda kumeneko, ndipo akuti ndikuuzeni kuti musade nkhawa ndi iwo, mlongo wanu akuwasamala bwino, sanawachititsepo manyazi ndi tsiku limodzi lomwe.

Ndalemba monga momwe anenera.

Ndine mlongo wanu,
mwana wa agogo aja a pamphambano.