Mwana Wanga Akuti Ali ndi "Melancholy"

Aphungu,

Ndithandizeni msanga, mtima uli m'mwamba. Mwana wanga Tamsin, wa zaka zisanu ndi chimodzi, watola mawu kusukulu. Tsiku lina anakhala pazenera, maso pamvula, n'kuusa moyo ngati nkhalamba: "Amayi, ine ndili ndi melancholy." Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye ndinafunsa aneba, Mayi Ogden. Akuti ndi chisoni chozama, chija chimamanga msasa mumtima popanda chifukwa.

Mukudziwa kwathu kuno, wachisoni sitimufunsa zambiri, timangotereka ketulo. Ndinamupatsa tiyi ndi bisiketi. Mawa lake matendawo anabweranso atangoona kabichi m'mbale. Kwa apongozi amabwera kawiri, poti kumeneko kuli keke. Apongoziwo anandiuza pamaso: "Mwana wosamalidwa bwino sayankhula chonchi. Abwere azikhala ndi ine." Mwamuna wanga Clive amangoseka: "Iwe, chisoni chanji chomathawa chikamva belu la galimoto ya ayisikilimu?"

Koma Aphungu, azakhali anga anagona chaka chathunthu makatani ali chitsekere, ife tikumati angotopa. Nanga ngati ndi zomwezo? Ndimupereke kwa apongozi?

D.P., Grimsby

Mayi D.P.,

Pumani kaye. Mwana asapite kulikonse.

Aneba anu sananame, tanthauzo ndi lomwelo. Ndi mawu akale, okondedwa ndi alakatuli, ndipo chisoni chake sichiyendera zomwe zaphikidwa. Tamsin wapeza kiyi wa kabati ya mabisiketi, ndipo mwamupatsa ndinu nonse, inu ndi apongozi.

Akadzanenanso, ketulo isiyeni. Khalani naye pansi mumufunse kuti, "Chikukupweteka n'chiyani, mwananga?" Mumvetsere mpaka amalize, kenako kabichi adye. Mufunsenso aphunzitsi ngati amasewera ndi anzake. Apongozi muwauze mwaulemu kuti akafuna kuthandiza, keke izidikira Lamlungu.

Za azakhali anu sindikuzipeputsa. Mukaona mwana wasiya kusewera, tulo takana, ngakhale zokoma akukankhira kumbali kwa masabata angapo, pitani naye kwa dokotala osazengereza. Chisoni chenicheni nthawi zambiri chimabwera chete, chopanda mawu aakulu.

Koma Clive mumuletse kuseka pamaso pa mwana. Mwana akasekedwa lero pa chisoni chabodza, chenicheni adzakubisirani.