Kaseti ya Esinati

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Japan komwe mukuphunzirako. Kuno amayi miyendo ikuwavutabe, ine ndikulimbako pang'onopang'ono.

Za imfa ya mwana wanga Esinati munamva pa telegalamu, koma pali china chimene simukudziwa. Kaseti munamutumizira ija, ya mtsikana woimba wa kumeneko, ndiyo inandithandiza kumudwazika. Atasiya kudzuka, ankangomvera nyimbo imodzi, yoyambirira ija. Ine ndinkabweza tepi ndi bolopeni kuti mabatire asathe msanga, akafooka ndinkawayanika padzuwa. Chinenerocho sankachimva, koma ankaimba nawo mpaka chifuwa chimutsamwitse.

Tsiku lina anati, "Amayi, ndikadzapita mudzandiikire imeneyi." Ndinavomera.

Pamaliro ndinapempha akulu a mpingo, koma anakana. Anati, "Mayi, nyimbo yosadziwika tanthauzo tiike bwanji pamaliro a Mkhristu? Mwina ndi yotukwana." Amayi a mvano anaimba zawo, wailesi ili chete m'basiketi kumapazi kwanga, mabatire atsopano amene ndinagula ku Songani ali momwemo.

Tsono pempho langa ndi ili. Funsani anzanu kumeneko zimene nyimboyo imanena, mundilembere m'Chichewa, musandibisire kanthu. Ikakhala yabwino, ndikamuikira pamanda ndekha. Ikakhala yotukwanadi, ndikamuikirabe, pakuti amene ndinamulonjeza ndi mwana wanga, osati akulu a mpingo.

Mulungu akusungeni kumeneko mpaka mudzaone pamene tinamugoneka.

Ndine mlongo wanu,
Felesiya